Mirandu ya Ngongole ku Dziko la Atonga

Akuru athu anati, mlandu suola. Ndipo mwa mirandu yonse ya kunyanja kuno, wa ngongole ndiwo umene ukalamba wosafa. Tiyeni tione umo makolo anauweruzira, kuti tidziwe cocita ife pamene cisamani cafika pakhomo.

Kale, Dr. Laws asanakhazike misyoni pa Bandawe m'caka ca 1881, munthu akakongola ukonde, bwato kapena nsaru, mwini cuma ankamsumira kwa mfumu ya mudzi. Wokongolayo sankaima yekha pabwalo ai. Abale a kwa amai ace ankaima naye, pakuti ngongole ya mmodzi inali ya banja lonse. Cuma cikasowa, ankapereka munthu akhale cikole, ndipo ena mwa anthu otere sanaomboledwe konse. Cisoni ca mkazi wamasiye uja wa pa 2 Mafumu 4 makolo athu anacidziwa bwino.

Pamene Boma linamangidwa pa Chintheche, msonkho wa nyumba unafuna ndarama, ndipo anyamata ambiri anapita ku nchito ku Harare ndi ku Joni. Pamenepo ngongole inasanduka ya masiringi: ya ulendo, ya msonkho, ya nsaru za kusitolo. Wokongola akacedwa kunja zaka zambiri, otsala pamudzi ndiwo anasauka ndi eni ndarama.

M'caka ca 1933 Boma linapatsa mafumu mabwalo a lamulo, ndipo kuno mphamvu inapatsidwa kwa Bungwe la Mafumu a Atonga. Tsono mlandu unayamba kulembedwa m'buku, mboni zinaitanidwa, ndi mesenjala anayenda ndi kalata. Mabwalo a mafumu anasinthidwa kangapo, kufikira analeka m'caka ca 1994. Lero mlandu wa ngongole upita kwa majisitireti.

Koma m'nyengo zonsezi cinthu cimodzi sicinasinthe: wothawa bwalo adziweruza yekha. Kale mfumu inkagwira abale ace. Lero bwalo likhoza kugamula iye palibe, ndipo pambuyo pace anthu a bwalo adza kudzalanda katundu, ngakhale injini ya bwato imene idyetsa ana.

Cifukwa cace, abale, cisamani cikafika tisacibise kudenga. Tiwerenge tsiku lolembedwamo, kapena tipemphe wodziwa atiwerengere. Tisonkhanitse makalata a zimene tinalipira kale, ndi mboni zimene zinaona. Ngati ngongole iri yoona, tiibvomere, ndi kupempha kulipira pang'ono pang'ono monga mwa mphamvu yathu. Ngati ciwerengero cakuzidwa, tinene poyera, mopanda mantha ndi mopanda bodza. Koposa zonse, nkwabwino kupangana ndi mwini ndarama pamaso pa akuru tsiku la bwalo lisanafike.

Makolo athu anapereka ana ao cifukwa ca ngongole. Ife tifunsidwa cinthu cocepa: kufika ndi kuyankha.