Mmene Kamera Imachepetsera Kukula kwa Chithunzi

JOHANNESBURG: Pamene David Goldblatt anayambitsa sukulu ya Market Photo Workshop mumzinda uno mu 1989, ojambula zithunzi ankadalira filimu. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito kamera za digito kapena mafoni, ndipo Amalawi okhala kuno kawirikawiri amasankha zithunzi zazing'ono kuti potumiza kumudzi asawononge ndalama zambiri pa intaneti. Kusankhaku kuli ndi zotsatira zake zimene wojambula ayenera kuzidziwa.

M'kati mwa kamera muli kachipangizo kotchedwa sensa, kokhala ndi timadontho tambirimbiri tolandira kuwala, totchedwa mapikiselo. Kamera ya digito imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975 inali ndi timadontho 10,000 tokha. Sensa ya mamegapikiselo 24 ili ndi timadontho 6,000 m'litali ndi 4,000 m'lifupi. Pa masensa ambiri, kadontho kalikonse kamalandira mtundu umodzi wokha: theka la timadonthoto ndi tobiriwira, totsalato n'tofiira ndi tabuluu, malinga ndi dongosolo la Bryce Bayer lovomerezedwa mu 1976. Kamerayo imawerengetsa mitundu yosowayo poyerekeza timadontho toyandikana.

Wojambula akasankha chithunzi chaching'ono, sensa sichepa. Nthawi zambiri kamera imayamba yapanga chithunzi chathunthu, kenako n'kuphatikiza timadontho toyandikana. Motero chithunzi cha 6,000 kwa 4,000 chingasanduke cha 3,000 kwa 2,000, kapena kuti mamegapikiselo 6. Zonse zimene zinajambulidwa zimaonekabe, ndipo timabanga tobwera chifukwa cha mdima timachepa.

Njira yachiwiri ndi yophatikiza timadontho pa sensa pomwepo. Umu ndi mmene mafoni ambiri a mamegapikiselo 48 amatulutsira zithunzi za mamegapikiselo 12, posandutsa timadontho tinayi kukhala kamodzi. Njira yachitatu ndi yodula: kamera imatenga pakati pa sensa pokha, n'kusiya m'mbali. Pojambula vidiyo, kamera zina zimadumpha mizere ina ya timadontho kuti zifulumire, koma zimenezi zimachititsa kuti nsalu zamizeremizere zioneke zosokonekera.

Kuchepetsa timadontho n'kosiyana ndi kupanikiza fayilo. Njira ya JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, imasunga chiwerengero cha timadontho koma imataya tizinthu tina timene diso silizindikira msanga.

Chofunika kukumbukira n'chakuti zimene kamera yataya sizibwereranso. Chithunzi chaching'ono cha ukwati chingaoneke bwino pa foni, koma akachisindikiza chachikulu kuti achipachike m'nyumba ku Mangochi kapena ku Mzimba, nkhope zimaoneka mwachimbuuzi. Njira yabwino ndiyo kujambula pa kukula konse kwa sensa, kusunga chithunzi choyambacho, ndi kuchepetsa kope lokhalo lotumiza.