Phazi la Ndani?

Anzanga, ndifuna tikambeko za arpent, muyeso wa malo umene Afalansa anapita nao ku Quebec ndi ku Louisiana. Minda yao inali yowonda koma yaitali, yoyambira m'mbali mwa mtsinje wa St Lawrence kapena Mississippi, kuti banja lililonse likhale ndi potunga madzi ndi pokocezera bwato.

Mu 1763 Britain inatenga Quebec, ndipo mu 1803 America inagula Louisiana. Olamulira atsopano anabwera ndi ekala, koma mapepala a minda anali m'ma arpent. Apa ndiye panagona nkhani. Phazi la Cifalansa linali masentimita 32.5, la Cingelezi 30.5. Arpent ya ku Paris inali mapazi 180 a Cifalansa uku ndi uku, ndiye kuti masikweya mita 3,419. Ekala ndi 4,047.

Ndikagawa manambala awiriwa ndipeza kuti arpent imodzi ndi ekala 0.845. Conco ma arpent 100 ndi maekala 84 ndi theka cabe. Wogula woganiza kuti miyesoyi ndi cimodzimodzi akanalipira maekala 15 amene kulibe, ndipo mkangano wa malire ukanatsalira ana ake.

Afalansa eni ake anatopa ndi cisokonezo ca miyeso, ndipo mu 1795 anakhazikitsa lamulo la mita. Kumeneko ndiko kunacokera hekitala, imene kota yake alimi kuno timati lima.

Ine ndiona phunzilo limodzi. Munthu akakuuzani kuti ploti ndi 30 by 20, musathamangile kucotsa ndalama. Funsani: mamita kapena mapazi?