Ng'anjo za Amang'anja ndi malupanga a ku Bizen

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndati tikambeko za chitsulo. Mutu wa Iron Age timauthamangira kwambiri. Ana amaloweza mayina a mbiya, Nkope, Kapeni, Mawudzu, amalemba mayeso, basi nkhani yatha. Sitiwauza kuti kuno kumapiri athu, kuyambira ku Chiradzulu mpaka ku Zomba ndi ku Mulanje, kunali amisiri amene ankatulutsa chitsulo m'miyala. Ndikufuna ndiwayerekeze ndi anzawo a ku Japan, chifukwa kusiyana kwa momwe awiriwa akukumbukiridwira kuli ndi phunziro.

Tiyambe ndi kutaliko. Ku Japan kunali dera lotchedwa Bizen, lomwe lero lili m'chigawo cha Okayama. M'nyengo ya Kamakura, kuyambira 1185 mpaka 1333, m'mudzi wa Osafune m'mbali mwa mtsinje wa Yoshii munabuka banja la osula malupanga. Woyamba kutchuka anali Mitsutada, cha m'ma 1250. Lusolo linapita kwa mwana wake Nagamitsu, kenako Kagemitsu, kenako Kanemitsu. Chitsulo ankachitenga mu mchenga wakuda, n'kuwotcha ndi makala m'ng'anjo yadongo yotchedwa tatara. Ankachisula, kuchipinda, kuchisulanso kambirimbiri kuti zinyalala zichoke. Pomaliza ankamata dongo palupangalo, lochindikala kumsana, lopyapyala kukamwa kwake, n'kuliviika m'madzi lili lofiira. Kukamwa kunkalimba, kumsana kunkakhala kofewa kuti lisathyoke. Madzi osefukira a mtsinje wa Yoshii anasesa mudziwo cha m'ma 1590, koma mayina a amisiriwa tikuwadziwabe chifukwa ankawazokota pachitsulo cholowa m'chigwiriro.

Tsopano tibwere kwathu. Akatswiri ofukula zakale amati luso la chitsulo linafika m'dziko muno cha m'ma 300 AD. Keith Robinson anafukula ku Nkope, ku Mangochi, ndi ku Phopo, ku Rumphi, m'zaka za m'ma 1960. Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, ndipo anapezako zida zachitsulo pamodzi ndi mkuwa, minyanga, mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Ndiye kuti pamene Mitsutada ankasula lupanga lake loyamba, kuno chitsulo chinali chitasulidwa kale kwa zaka zoposa 900.

Ntchito yake inali yotere. Amuna ankakumba miyala yofiirira yokhala ndi chitsulo, n'kuiphwanya tizidutswa. Ena ankawotcha makala a mitengo yolimba. Ng'anjo ankaiwumba ndi dothi la pachulu, ndipo m'munsi mwake ankalowetsamo timapaipi tadongo todutsira mpweya. Makala ndi miyala ankaziika mosanjikiza. Moto wake unkayenera kufika madigiri pafupifupi 1,200. Apa pali mfundo imene ana ambiri amaphonya pamayeso: chitsulocho sichinkasungunuka ngati phala ayi. Chimene chinkasungunuka n'kuyenderera ndi zinyalala za mumwala. Chitsulo chinkatsala ngati chibuma chamabowomabowo, chimene wosula ankapita nacho ku chipala. Kumeneko mwana wophunzira ntchito ankapopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, mmisiri n'kumamenya chibumacho pamwala mpaka chitagwirana. Nzeru yake ndi yomweyo ya ku Osafune: kumenya ndi kumenyanso kuti chitsulo chiyere.

Umboni wa anthu oona ndi maso ulipo. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene anayenda kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba za momwe Amaravi ankatulutsira chitsulo, komanso kuti makasu awo ankagulidwa kumidzi ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. David Livingstone, amene anadutsa kumapiri kuno mu 1859 popita ku nyanja ya Chilwa, anaona ng'anjo, owotcha makala ndi osula m'midzi ya Amang'anja. Ankapanga makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zibangili. Alipo amene amati dzina loti Amang'anja linachokera ku liwu loti ng'anjo, ngakhale ena amalilumikiza ndi nyanja. Khasu linalinso ndalama: unkatha kusinthanitsa ndi mchere wa ku Chilwa, nsalu yathonje ya kuchigwa cha Shire, kapena nsomba zouma.

Kusiyana kwakukulu kuli apa. Wosula wa ku Osafune ankasulira mabwana ankhondo. Lupanga linali chuma cha pabanja, losungidwa mu nsalu, lopakidwa mafuta, lolembedwa m'mabuku. Wosula wa kwathu ankasulira mayi wolima mapira. Khasu lake linkagwira ntchito mpaka kuperepeseka, ndipo likatha ankalibwezera ku chipala kuti likhale kasemasema, kenako mpeni, kenako muvi. Chitsulo chinali chodula moti palibe ankachitaya. Ndiye chifukwa chake ntchito za manja awo zatsala zochepa: zinathera m'minda, podyetsa anthu. Nzeru yakenso sinalembedwe. Inkayenda kuchokera kwa mkulu kupita kwa mwana kapena mphwake, pamodzi ndi zitsamba zake ndi miyambo yake, monga kusagona m'nyumba masiku owotcha ng'anjo.

Luso losungidwa m'mitu ya anthu ochepa limafa anthuwo akabalalika, ndipo n'zimene zinachitika. Pamene Bishopu Charles Mackenzie ankakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, midzi ya Amang'anja inali ikupsa kale ndi nkhondo zogwira akapolo. Kenako kunagwa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, ndipo ambiri amene anapulumuka anathawira kuchigwa. Mu 1884 Angoni a Maseko anawoloka Shire n'kudzasakaza kumapiri kuno. Mtendere utabwera, msika unali utasintha. Kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878 ndipo tonse timaidziwa kuti Mandala, pamodzi ndi masitolo a Amwenye, inadzaza dziko ndi makasu a kufakitale. Kuyambira 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angelezi, msonkho unabwera, ndipo pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero amuna ankathera miyezi ku thangata. Ndani akanapeza masabata okumba miyala ndi kuwotcha makala pamene khasu lili pasitolo?

Kusula kokha sikunafe. Pa 23 January 1915, anthu a John Chilembwe ambiri ananyamuka ku Mbombwe atagwira mikondo, popeza mfuti zinali zochepa. Mpaka lero m'misika yathu mupeza osula akupanga nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha. Chimene chinafa ndi ng'anjo, luso lotulutsa chitsulo m'mwala. Kumpoto kwa Aphoka ndi ku Kasungu zinachedwako kuzima, mpaka cha m'ma 1930. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapeza nkhalamba zimene zinaona ntchitoyi paunyamata, n'kuzipempha kuti ziyatsenso ng'anjo. Zambiri zimene tikudziwa lero zinapulumuka choncho, pa nthawi yothaitha.

Ku Japan nakonso lusoli linatsala pang'ono kufa. Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi malupanga, ndipo osula ambiri anayamba kupanga mipeni ya kukhitchini ndi zida za kumunda. Koma mu 1977 anayatsanso tatara ku Shimane mwadala, kuti achinyamata aphunzire kwa akulu amene anali akadali moyo. Anaona kuti nzeru ya manja ndi chuma cha dziko.

Ife sitingayatsenso ng'anjo mawa, koma pali zimene tingachite popanda ndalama. Mlimi akamatipula amatha kufukula timiyala takuda, tolemera, tamabowo, tooneka ngati tinasungunukapo, kapena zidutswa za timapaipi tadongo topsa. Ambiri amangoziponya kumalire a munda. Zimenezo ndi zotsalira za ng'anjo, ndipo kwa ife ndiye siginecha ya mmisiri. Aphunzitsi anzanga, tumani ana akafunse agogo awo, alembe dzina la mudzi ndi malo ake, ajambule, koma asakumbe. Malowo tikawadziwitse a nthambi ya boma yoona zinthu zakale. Pitani nawonso kwa wosula wa pamsika akaone mvukuto ukupuma, ndipo amufunse anaphunzira kwa yani, nayenso uyo kwa yani. Mwina mzere wa mayina umenewo ungatifikitse kutali kuposa momwe tikuganizira.

Inu ana anga amene muli m'tauni ndi kunja, mukabwera kumudzi patchuthi, funsani ngati pabanja panu panali wosula. Mukalipeza dzina lake, lilembeni.