Kupondereza

Kupondereza ndi mneni wotanthauza kugwiritsa ntchito mphamvu, udindo kapena chuma pofuna kuti munthu wina asadzuke, asayankhule ndiponso asapeze zomuyenera. Mneniyu amachokera ku tsinde lakuti -ponda, ndipo chithunzi chake ndi cha phazi limene latsika pa chinthu n'kukhala pomwepo osachoka. Ku Malawi amalemba ndi r, pomwe ku Zambia ambiri amalemba kuti kupondeleza.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuti mneniyu agwire bwino ntchito. Choyamba, mbali ziwirizo zikhale zosiyana mphamvu: bwana ndi wantchito, boma ndi nzika, achibale a malemu ndi mkazi wamasiye amene akumulanda nyumba ndi ziwiya. Chachiwiri, mchitidwewo ukhale wopitirira. Apa ndi pomwe amasiyana ndi kugonjetsa, kochokera ku kugonja, komwe kumanena za mpikisano kapena nkhondo yokhala ndi mathero. Timati timu ya mpira ya Malawi, Flames, inagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ndipo palibe womva mawuwa angaganize kuti panachitika choipa. Koma wonena kuti "akutipondereza" ndiye kuti akudandaula, akuimba wina mlandu. Kuzunza nako n'kosiyana: kumaloza ululu umene munthu akumva, pomwe kupondereza kumaloza kumumana mpata. Mwamuna woletsa mkazi wake kuchita geni akumupondereza, ngakhale asanamukwezerepo dzanja.

Mneniyu amasintha monga aneni ena. Wochitiridwayo timati akuponderezedwa, ndipo zikafala pakati pa anthu timati pali kuponderezana. Amathanso kufotokoza dzina, monga ulamuliro wopondereza kapena miyambo yopondereza atsikana. Choponderezedwa sichikhala munthu yekha ayi: anthu amanenanso za kupondereza ufulu, maganizo ngakhalenso chilungamo.

Pokamba mbiri ya Malawi, mawuwa amamveka kwambiri pa nkhani ya thangata, pomwe anthu okhala m'minda ya azungu ankagwira ntchito mokakamizidwa m'malo mwa lendi. Thangatayo anali chimodzi mwa zifukwa zomwe John Chilembwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915. Mawuwa amamvekanso pofotokoza ulamuliro wa chipani chimodzi, umene maepiskopi a Katolika anaudzudzula m'kalata yawo ya mu Malichi 1992, Amalawi n'kudzaukana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Masiku ano amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani za amayi, ana amasiye, anthu olumala ndi antchito olandira malipiro ochepa.