Kuchokera pa Fyuzi Kufika pa PMBus: Mmene Makonveta a DC-DC Anaphunzirira Kudziteteza

Batire limapereka magetsi a mulingo umodzi, koma zipangizo zimene limadyetsa zimafuna milingo yosiyanasiyana. Ntchito ya konveta ya DC-DC ndi kukweza kapena kutsitsa voltejiyo. Kagwiridwe kake sikanasinthe kwa zaka pafupifupi 90: magetsi amadulidwadulidwa mofulumira, amadutsa mu koyilo kapena mu thiransifoma, kenako amasalazidwa. Chimene chakhala chikukula ndi luso la chipangizochi lodziwa poyambira, pochepetsera ndi polekera.

M'zaka za m'ma 1930, mawailesi a m'galimoto ku America ankayendera mavavu ofuna mavolti oposa 200, pomwe batire linali la mavolti 6. Amisiri ankaikamo vibrator, kachitsulo konjenjemera kamene kankalumikiza ndi kudula magetsi maulendo pafupifupi 100 pa sekondi. Panalibe choyeza magetsi otuluka, choncho batire likafooka, volteji inkatsika nalo. Nsonga za kachitsuloko zikapsa n'kumatirirana, fyuzi yokha ndiyo inkapulumutsa thiransifoma.

Mu 1954, George Royer wa ku Westinghouse anaika mathiransisita awiri osinthana m'malo mwa kachitsulo kaja. Kulira ndi kuperepeseka kunatha, koma kunabwera vuto lina: pakachitika shoti, thiransisita inkapsa fyuzi isanasungunuke. Chitetezo chinayenera kuthamanga ngati magetsi enieniwo.

Yankho linakhwima mu 1976, pamene kampani ya Silicon General inatulutsa SG1524, chipu chimene anakonza Bob Mammano. Chinkagwiritsa ntchito PWM, njira yotalikitsa kapena kufupikitsa nthawi imene thiransisita ili yoyaka. Volteji yotuluka ikatsika, nthawiyo imatalika; ikakwera, imafupika. M'chipu chimodzicho munali muyezo wokhazikika wa mavolti 5, chofanizira zotuluka ndi muyezowo, choletsa karenti kupitirira malire, ndiponso phazi lozimitsira. Chaka chomwecho, R. D. Middlebrook ndi Slobodan Ćuk a ku Caltech anafalitsa masamu othandiza kudziwiratu ngati konveta idzakhazikike kapena idzangogwedezeka.

Machipu otsatira, monga SG1525A, anathana ndi ngozi za poyatsa. Makapasita opanda kanthu amameza karenti yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake anaika soft start yokweza mphamvu pang'onopang'ono. Komanso volteji yolowa ikachepa, thiransisita siyakiratu ndipo imatentha, ndiye chipu chinayamba kukana kudzuka mpaka magetsi atakwana. Mu 1978, Cecil Deisch anafotokoza njira yolamulira konveta poyeza karenti ya mu koyilo pa kuyaka kulikonse. Chipu cha UC3842 cha Unitrode, cha m'ma 1980, chinafalitsa njirayi padziko lonse. Karenti ikapyola malire, thiransisita imazimitsidwa pomwepo, osadikira kuyaka kotsatira. Chipuchi chimadzuka pa mavolti 16 koma chimazima pa 10, ndipo mpata umenewu umachiletsa kumangoyakayaka magetsi akamasinthasintha.

Mpaka apa, mafakitale ambiri ankamanga makonveta awoawo. Vicor, imene Patrizio Vinciarelli anayambitsa mu 1981 ku Massachusetts, inayamba kugulitsa mu 1984 konveta yathunthu yomatidwa m'kabokosi ka mainchesi 4.6 m'litali, 2.4 m'lifupi ndi theka la inchi kukhuthala. Kabokosi ka saizi imeneyi kanatchuka ndi dzina loti brick, ndipo pambuyo pake kunabwera timabokosi ta theka ndi ta kota. Makampani a matelefoni, amene makina awo amayendera mavolti 48, ndiwo anaumba mwambo woti konveta ya m'kabokosi yotereyi, yotchedwa module, izilandira mavolti kuyambira 36 mpaka 75.

Wogula sankatha kutsegula kabokosiko, motero ulamuliro unatulukira pa mapazi ake. Phazi lina ndi loyatsira ndi kuzimitsira patali. Lina, la trim, limasuntha volteji pang'ono, kawirikawiri ndi 10 peresenti. Awiri a sense amayeza volteji pa chipangizo chodyetsedwacho, kuti yotayika m'mawaya ibwezeredwe. Mkatimo munali alonda atatu: wa karenti, wa volteji yopyola ndi wa kutentha. Pa shoti, ma module ambiri amachita hiccup: amazima, amapuma, amayesanso, ndipo vuto likachoka amadzuka okha popanda munthu kusintha kanthu.

Makompyuta anabweretsa zofuna zatsopano. Pakati pa zaka za m'ma 1990, mapurosesa a Intel anayamba kuuza okha konveta volteji imene akufuna. Lero purosesa yaikulu imadya maampu oposa 100 pa volti imodzi kapena kucheperapo, ndipo bolodi limodzi limakhala ndi makonveta ambirimbiri oyenera kuyaka motsatana, apo ayi chipu chodula chimawonongeka. Mu 2004 bungwe la DOSA linayamba kufananiza masaizi ndi mapazi a ma module a makampani osiyana. Mu 2005 kunatuluka PMBus, chilankhulo cha digito chimene konveta imanenera volteji, karenti, kutentha kwake ndi chimene chaizimitsa, ndiponso chimene imalandirira malamulo.

PMBus yabweza m'manja mwa munthu chisankho chimene kale chinkathera ku fakitale. Injiniya amalemba yekha malire a vuto lililonse ndi chochita: kungochenjeza, kuyesanso kangapo, kapena kuzimiratu. Pa nsanja ya netiweki ya kumudzi, kutali ndi amisiri, kuyesanso n'kwanzeru, chifukwa vutolo lingakhale la kanthawi. Pa purosesa ya mu seva, volteji ikapyola ngakhale kamodzi, kuzimiratu ndiko kwabwino. Malire akathina kwambiri, makina abwinobwino amazima chabe. Akatayirira, chitetezo chimafika zinthu zitapsa kale. Choncho mmisiri wa lero, asanagule module, amawerenga tsamba la zochita zake pa ngozi mosamala ngati mmene amawerengera mawati ake.