Mbiri ya Luso Lowongola ndi Kupenta Galimoto ku Linda

Luso lowongola ndi kupenta galimoto, limene masiku ano limachitikira pabwalo la nyumba ku Linda ndi m'makomboni ena a mzinda wa Livingstone monga Maramba, Libuyu ndi Dambwa, lakhala likuyendera limodzi ndi kukwera komanso kutsika kwa chuma cha dziko la Zambia. Mzindawu unakhazikitsidwa mu 1905, chaka chimene mlatho wa njanji wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha kumangidwa, ndipo unali likulu la Northern Rhodesia, dzina lakale la Zambia, kuyambira mu 1911 mpaka mu 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. M'nthawi ya atsamundayi galimoto zinali za boma ndi anthu ochepa olemera, ndipo anthu akuda amene ankagwira ntchito m'magalaja kawirikawiri ankangokhala othandizira, chifukwa tsankho linkawatsekereza ku maphunziro a umisiri.

Njira yopenta mwa kupopera inabadwira kunja. Galimoto zoyambirira zinkapakidwa penti ndi burashi, ndipo zinkatenga milungu kuti ziume, mpaka pamene kampani ya DuPont ya ku America inatulutsa penti youma msanga yotchedwa Duco m'zaka za m'ma 1920. Pentiyi inkapoperedwa ndi chipangizo choyendera mpweya wochokera mu kompuresa, makina opanikiza mpweya m'thanki, ndipo njira imeneyi ndi imene mmisiri wa ku Linda akugwiritsabe ntchito, ngakhale kuti mitundu ya penti yasintha kwambiri.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti katundu wambiri azipangidwa m'dziko momwemo, motero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 bungwe la boma la Indeco linagwirizana ndi kampani ya Fiat ya ku Italy kutsegula fakitale ya Livingstone Motor Assemblers. Kumeneko zigawo za galimoto zobwera m'mabokosi zinkalumikizidwa ndi kupentedwa, zomwe zinachititsa kuti mzinda waung'onowu ukhale ndi anthu odziwa kuwotcherera zitsulo ndi kupopera penti mwadongosolo. Komabe fakitaleyo inkadalira ndalama zakunja, zimene zinayamba kusowa mtengo wa kopa utagwa mu 1975, pa nthawi yomwenso malire a Zambia ndi Rhodesia anali otsekedwa kuyambira mu 1973. Zipangizo zatsopano zitasowa, chitseko chopindika sichinkatayidwa, koma chinkawongoledwa ndi hamala mpaka chitabwerera m'malo mwake, ndipo m'zaka za usiwa zimenezi ndi mmene luso lowongola linazika mizu.

Kusintha kwakukulu kunadza boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 ndi kumasula malonda. Mafakitale ambiri a ku Livingstone, kuphatikizapo ya galimoto, analephera kupikisana ndi katundu wakunja ndipo anatsekedwa, kotero kuti anthu ochuluka anayamba kudzilemba okha ntchito m'makomboni. Nthawi yomweyo galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zinayamba kusefukira m'dziko, zina zikulowera pa doko la Kazungula, ndipo zinabwera ndi msika wa ziwalo zakale monga zitseko, maboneti ndi mabampala. Popeza chiwalo chogulidwa pamsika wotere sichifanana mtundu ndi galimoto imene chikukaikidwa, ntchito ya mmisiri inapendekera ku kupenta chiwalo chimodzi kuti chigwirizane ndi zinzake. Matakisi a mu mzindawu, amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi mtundu wa buluu, nawonso ankapereka ntchito yosatha kwa opopera penti.

Mwini galimoto amene ndalama zamuthina amadzigulira yekha penti yochepa yongokwanira chiwalocho, kenaka amagwirizana ndi mmisiri za mtengo wa ntchito yokha. Mmisiri amayamba ndi kupala chiwalocho ndi sandipepa wokhakhala, n'kumata mokumbika monse ndi fila, phala louma msanga limene limasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa, kenaka amapopera pulaima, penti yoyamba yoteteza chitsulo ku dzimbiri ndi kuthandiza penti yeniyeni kugwira. Akatero amasalaza ndi sandipepa wonyowetsedwa m'madzi, uku akuyendetsa chikhatho pamwamba pake, chifukwa dzanja limazindikira kabampu kamene diso silikuona. Magalasi ndi nyali amazikuta ndi nyuzipepala zakale, ndipo pansi amawazapo madzi, pakuti Livingstone anamangidwa pamchenga, ndipo fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala likagwera pa penti yaiwisi ntchito yonse imawonongeka. Kutentha kwa mu Okutobala nako kumaumitsa penti isanayale bwino, n'chifukwa chake ambiri amapopera m'mamawa mphepo isanayambe, bola magetsi akhalepo, popeza chilala cha mu 2024 chinachepetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba ndi kusiya makompuresa ambiri ali chete.

Vuto limene likukulirakulira ndi la umoyo. Penti yamakono yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa imawala ndi kukhalitsa kuposa yakale, koma ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo kansalu komanga kumphuno sikawatsekereza. M'fakitale penti yotere imapoperedwa m'chipinda chokoka mpweya woipa, pamene pakomboni nkhunguyo imafikira ana ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Luso limene linapulumutsa mabanja mafakitale atatsekedwa likuyenera tsopano kupatsidwa malo ake ogwirira ntchito, ndipo khonsolo ya mzinda pamodzi ndi bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA ali ndi udindo wothandiza amisiriwa kupeza malo, zodzitetezera ndi ziphaso za luso lawo.