Maziko a Nyumba ya ku Wittenberg

Kawiri kawiri timamva akulu a mpingo alikunena pa tsiku la ukwati kuti cikondi ndico maziko a banja la Cikristu. Mau awa ngoona, koma anyamata ambiri amawamva mokhota, nayesa kuti cikondico ndi kutentha kwa mtima kumene munthu amamva poona namwali wokongola. Cifukwa cace tifuna kukamba mbiri ya nyumba imodzi ya ku Germany, kuti tione cikondi cimene cikhoza kusenza banja.

Kale Eklesia wa ku Roma analetsa ansembe kukwatira, ndipo msonkhano wa ku Lateran wa caka ca 1139 unagamula kuti ukwati wa wansembe suli ukwati konse. Anthu anayesa kuti wosakwatira apambana wokwatira pamaso pa Mulungu, ndipo makolo ena anapereka ana ao akazi ku nyumba za masisitere akali ang'ono. Mmodzi wa anawo ndiye Katharina von Bora, wobadwa m'caka ca 1499, amene anakulira m'nyumba ya ku Nimbschen, nalumbira m'caka ca 1515 kuti sadzakwatiwa.

Koma pamene Martin Luther anayamba kuphunzitsa kuti ukwati uli mphatso ya Mulungu, mau ace analowa ngakhale m'kati mwa malinga aja. Pa nyengo ya Paskha m'caka ca 1523 akazi 12 anathawa usiku pa gareta la Leonhard Koppe, wamalonda wa ku Torgau, ndipo 9 a iwo anafika ku Wittenberg. Luther anawafunira pokhala ndi amuna, koma Katharina anatsala. Iye anakondana ndi Hieronymus Baumgärtner wa ku Nuremberg, koma abale a mnyamatayo sanalola. Pomfunira mwamuna wina, mbusa Kaspar Glatz, anakana kwa mtu wa galu, nauza Nikolaus von Amsdorf kuti akhoza kubvomera Amsdorf yemweyo kapena Luther, koma Glatz ai. Apa tiona mwala woyamba wa mazikowo: mkaziyu analowa m'banja mwa kufuna kwace, wosakakamizidwa.

Anamanga ukwati pa 13 June 1525, mwamuna ali ndi zaka 41, mkazi 26, ndipo anawadalitsa ndiye mbusa Johannes Bugenhagen. Abwenzi ena, monga Philipp Melanchthon, sanakondwera, popeza masiku amenewo dziko linali pa nkhondo ya alimi. Luther mwini sanabisa kuti anakwatira pofuna kukondweretsa atate ace ndi kutsimikiza ndi nchito zimene anaphunzitsa ndi pakamwa. Anauzanso Amsdorf m'kalata kuti mtima wace sunali kuyaka moto, koma kuti mkazi waceyo anamuyesa wa mtengo wapatali.

Kodi tinene kuti nyumbayi inalibe maziko? Iai. Cikondi cinalipo ngati mbeu, ndipo anacilimira tsiku ndi tsiku. Luther anali munthu wopatsa wosawerengera, ndipo akadakhala yekha ndalama sizikadagona m'nyumba. Katharina analima munda, naweta ng'ombe ndi nkhumba, nasunga nsomba m'thamanda, nadyetsa ophunzira ndi alendo ndi ana amasiye a abale. M'caka ca 1527 mliri unagwa ku Wittenberg. Ambiri anathawa, koma iwo anatsala, nalandira odwala m'nyumba mwao, Katharina ali ndi pakati.

Mulungu anawapatsa ana 6, koma awiri anatsogola. Elisabeth anamwalira m'caka ca 1528 asanakwanitse caka, ndi Magdalena m'caka ca 1542 ali ndi zaka 13, atate ace ali pambali pace. Maliro otere amapasula mabanja ambiri, pakuti mwamuna ndi mkazi amayamba kulozana zala ndi kufunafuna amene wadzetsa tsoka. Awa analira pamodzi. M'caka comweco ca 1542 Luther analemba kalata ya cuma ca masiye, nasiyira mkazi wace cuma ndi udindo wa kulera ana, ngakhale mwambo wa dziko la Saxony sunalola mkazi wamasiye kutero. Munthu amene poyamba anati mtima wace suyaka anafika pomkhulupirira mkaziyo koposa abale onse.

Luther anamwalira ku Eisleben pa 18 February 1546. Katharina anaona nkhondo ndi umphawi; pothawa mliri wina anagwa pa gareta, namwalira ku Torgau pa 20 December 1552.

Tsono ife tiphunzirapo ciani? Paulo, polembera Aefeso, anayerekeza cikondi ca mwamuna ndi ca Kristu amene anafera Eklesia. Ndiko kuti cikondi ca m'banja cidziwika ndi kudzipereka. Inu makolo ndi ankhoswe, musakankhire mwana kwa munthu amene mtima wace wamkana, cinkana akhale wacuma. Inu anyamata ndi anamwali, musayese kuti moto wa masiku oyamba udzakufikitsani ku ukalamba, pakuti moto wa mapesi sucedwa kuzima. Ndipo inu amene mwakhala zaka zambiri m'banja, ndipo muona ngati cikondi cazirala, musafulumire kunena kuti catha. Nyumba ya ku Wittenberg inayamba ndi cocepa, koma inaima zaka 20, kufikira imfa inawalekanitsa.